Jipi Itakana Kunyamula Mwini Wake

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena kuti ndinadzuka n'kungonena chabe, paja namfedwa sagona, amangotsamira khoma. Azimayi a mpingo anali ataimba usiku wonse mpaka mawu kusasa, ndiye pa nthawi imeneyo tulo tinali titawagwetsa, wina mutu pamwendo pa mnzake. Amuna anga, aMbewe, anali kuseri kwa mphasa imene tinatchinga pakati pa nyumba, ali m'bokosi. Anali atamwalira dzana madzulo ndi chifuwa chimene chinawagoneka milungu itatu. Kunali kotentha, kutentha kuja kwa mvula ikamafuna kugwa koma ikuzengereza, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti maliro amenewa sangagonenso usiku wina.

Kuseri kwa khoma limene ndinatsamira ndinamva manong'onong'o. Mawu amodzi ndinawazindikira, anali a alamu anga aNambewe, mlongo wawo wa malemuwo.

"Ndakapeza m'thumba la jekete, pomwe ndimati ndiipinde ilowe m'bokosi. Kansupa kachitsulo, kopanda pakamwa. Achimwene sanali munthu wa zotere. Anawaikira ndani?"

"Kaonetseni atsibweni," anatero winayo.

"Akaona kale. Akuti tione mmene maliro ayendere."

Inu obadwa dzulo mwina simudziwa. Masiku amenewo anthu ankati wakufa amene wachita kuphedwa sapita kumanda mwakachetechete. Amalemera, amabwerera m'mbuyo, amakana kuyenda pamene pali amene anamudya. Mwavi boma linali litaletsa, inde, koma kwawo kwa aMbewe ndi cha ku Vubwi, pamphuno penipeni pa malire. Ukangodumpha kamtsinje uli kwa Apwitikizi, ndipo kumeneko kunali nkhalamba ina imene inkamwetsabe anthu. Mkazi wina wa mudzi woyandikana nafe anamutengera kumeneko chaka chimene boma la Chitaganya linkayamba. Kunabwerera mpango wake wokha. Kansupa kamene ankanenako ine sindinkakadziwa, koma ndinadziwa kuti maliro akavuta panjira, wopita kutsidya ndine.

Kutayamba kuyera, azimayi anadzuka n'kukasonkha moto kuseri kwa khola. Nkhuni zinali zaziwisi. Utsi sunakwere kumwamba, unangoyala pansi n'kumalowa m'nyumba ndi m'maso mwa anthu. Ndinkaona zonse pakhomo, chifukwa chitseko anali atachizula kuti bokosi lidzatuluke bwino. Anthu ankafika m'magulumagulu, akangoona denga lathu n'kuyamba kulira. Ena anachokera ku Sinda, akulira m'Chinsenga. Ena anali a panjinga ochokera ku Katete. Panali mayi wina amene aMbewe anamutengera kuchipatala ali ndi pakati, ameneyo analira mpaka kugubuduka m'fumbi. Koma ndinaona kuti a kuchimuna akalowa m'nyumba, ankagwira chanza aliyense, ine n'kundidumpha.

AMbewe anali mkamwini m'mudzi mwathu, choncho manda awo anali kwawo, kwa amayi awo. Pansi ndi ulendo wochoka m'mamawa n'kukafika dzuwa litapendeka, ndiye ndi bokosi pamapewa, m'dzuwa limenelo, sizikanatheka. Anagwirizana kuti awanyamule pa jipi yawo yomwe.

Jipi imeneyo inali galimoto yotsala kunkhondo. Mzungu wina wa fodya anaitaya kuseri kwa chigafa, aMbewe n'kukaikoka ndi ng'ombe zinayi mpaka pakhomo pathu. Ntchito ya makaniko anaiphunzira ali msilikali. Anailumikiza chaka chathunthu, ichi kutola uku, ichi kukapempha uko. Ana athu anali aakazi okhaokha, ndipo anali atakwatiwa, ndiye wogwira zitsulo zawo ndinali ine. Akamasula kabuleta ankandiitana ndi lichero, chifukwa tizitsulo ta m'menemo n'tating'ono ngati mapira, kakagwa m'fumbi kapita. Ndinkakhala pamphasa, lichero pamwendo, iwo akutsuka kamodzikamodzi m'chitini cha petulo, akundiuza mayina. Zilembo sindidziwa, koma manja anga ankazidziwa zimenezo. Kabuleta ndi pamene petulo amakumana ndi mphepo asanalowe mu injini. M'kati mwake muli kambale kamene petulo amafikira, ndipo m'kambalemo mumayandama kanthu kamkuwa kokhala ngati dzira la nkhunda, kamene iwo ankati fuloti. Petulo akadzaza, fuloti imakwera n'kukankha kasingano kotseka njira. Ankati ndiyo mlonda wa pakhomo.

Matenda asanawagwetse anali atachotsa kabuleta pa jipi, ndipo m'nyumba munali awiri, chifukwa wina anali wa galimoto ya mwini sitolo wina. Dzulo lake atsibweni awo a aMbewe anali ataitanitsa dalaivala ku Katete, bambo wa ndevu zometa bwino, wa kapusi. Anatembenuza makabuleta awiriwo, n'kuwerenga nambala pa kachitsulo kolendewera, nati wa jipi ndi uyu. Anasankha bwino ndithu. Anaumanga, anathira petulo, anapukusa handulo, injini n'kulira bwinobwino. Anthu anati basi, zatheka. Ine ndinali m'nyumba ndikulira, za zitsulo sizinali m'mutu mwanga.

Dzuwa litakwera pang'ono, kum'mawa kunayamba kuda. Mphepo panalibe, masamba a mango anangoti zii. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, akuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi. Adzukulu anatulutsa bokosi n'kuligoneka kumbuyo kwa jipi, kumiyendo kutatulukira kunja, n'kulimanga ndi luzi. Ine anandikhazika mbali ino ya bokosi, aNambewe mbali inayo. Atsibweni anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Anali nkhalamba yaitali, yosalankhulalankhula, ndodo pakati pa miyendo. ANambewe anali ndi mfundo yaikulu pansonga ya chitenje, ndipo dzanja lawo silinkachoka pamenepo.

Injini inalira, koma osati monga dzulo. Inkalira ngati munthu wa chimfine, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda. Tinanyamuka pang'onopang'ono kuti oimba asatsale. Tinapitirira khola, tinapitirira chitsime. Titafika pa nyumba ya mlongo wanga, kumapeto kwa mudzi, jipi inatsokomola kawiri n'kuzima.

Nyimbo inapitirira pang'ono, kenako inaduka. Dalaivala anatsika n'kupukusa handulo. Anapukusa mpaka thukuta kudontha pachibwano. Mdzukulu wina anamulandira, nayenso analephera. Ndinkamva ntchentche zokha zikuzungulira bokosi. Ndiye m'khamumo munatuluka mawu a mayi wina wachikulire, osakweza, ongokwanira kuti amveke.

"Bwanji mkaziyo atsike kaye."

Atsibweni sanatembenuke. Anangokweza chala chimodzi. Ndinatsika, n'kukaima m'mphepete mwa njira. Dalaivala anakhala kaye pansi kupuma, kenako anauza munthu kuti aponde mafuta mpaka pansi, iye n'kupukusanso. Jipi inaphulika utsi n'kulira.

Khamu lonse linati "Hmmm," pansipansi, ngati njuchi m'mphako. Mlongo wanga anaweramitsa mutu.

Sanandiuze kuti ndikwerenso. Ndinayenda pansi, kumbuyo kwa jipi, ndikumwa utsi wake. Anthu anali ambiri, njira inali yopapatiza, koma pamene ndinkayenda ine panali malo. Kutsogolo kwanga malo, kumbuyo kwanga malo. Achemwali anga okha ndiwo anandigwira pamkono. Tinadutsa minda yogalauza kale yodikira mbewu, tinadutsa msitu wa misuku. Mtambo unali utafika pamutu pathu, ndipo kumapiri kunkagunda.

Pakati pa ulendowo pali dambo lalikulu. Mvula yoyamba inali italinyowetsa masiku apitawo, ndiye dalaivala anaima m'mphepete, injini ikulira pang'onopang'ono, kudikira amuna oti akankhe. Ife oyenda pansi tinaipeza pomwepo. Pansi panali poterera. Phazi langa linatsetsereka, ndipo pofuna kudzigwira ndinatambasula dzanja n'kugwira bokosi. Nthawi yomweyo injini inazima.

Aliyense anaona. ANambewe anakuwa, "Achimwene ine! Mwanena! Mwanena nokha!" Azimayi a kuchimuna anayamba kulira kulira kwina, kosakhala kwa maliro. Amuna awiri amene sindinkawadziwa anasuntha n'kudzaima kumbuyo kwanga. Wina anali akuyang'ana kale kanjira kolowera kumalire, kamene kamapatukira padambo pomwepo.

Dalaivala anatsegula boneti, chifukwa analibe china chochita. Kamphepo koyamba ka mvula kanaomba, n'kundibweretsera fungo. Petulo. Osati kafungo wamba ka galimoto, koma fungo lambiri, lonyowa. Ndinasuzumira pansi pa mkono wake ndipo ndinaona kabuleta yense ali chonyowa, petulo akutsikira m'mbali n'kumadontha pansi.

Pamenepo ndipo ndinakumbukira. Tsiku limene aMbewe anachotsa kabuletayo anandiikira fuloti yake pakhutu, n'kuigwedeza. Inali itabooka, yamwa petulo. Anati mlonda waledzera, sakutsekanso pakhomo, n'chifukwa chake injini ikutsamwa. Anaibwezera m'kati n'kumanga pamwamba kuti tizitsulo tisatayike, ndipo m'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku Katete kukafuna ina pa jipi yakufa ya kumeneko. Anabwerako usiku atanyowa, akunjenjemera, n'kugona osavula jekete. Sanadzukenso kuti agwire sipanala. Fuloti yobooka ija inali itauma masiku onsewo, n'chifukwa chake dzulo injini inalira bwino. Usiku wonse inakhala m'petulo ikumwanso. Ndipo kansupa kachitsulo kopanda pakamwa, ka m'thumba la jekete, tsopano ndinakadziwa.

Namfedwa salankhula panjira ya kumanda. Sagwiranso katundu wa malemu mpaka tsiku lometa. Koma ndinayang'ana kanjira kaja, ndinayang'ana amuna awiri aja, n'kugwada m'matope pafupi ndi pamene panakhala atsibweni. Ndinaomba m'manja.

"Atsibweni, ndilakwe kamodzi. Mwana wanu sakukana. Ikukana ndi galimoto, ndipo chimene chikuivuta ndikuchidziwa."

Anatembenukira kwa ine. "Mukuchidziwa," anatero. Mmene anatchulira mawuwo, ndinaona kuti ndadzimangirira chingwe china.

"Auzeni adalaivala atsegule pamwamba pa kabuleta," ndinatero.

Dalaivala anaseka mokwiya. "Amai, nambala ni yamene iyi, nachekinga kawiri. Ine nili na laisensi."

"Nambala ili kunja, bambo. M'kati munaonamo?"

Atsibweni anamulozera ndi ndodo kuti achite. Ndinayala nsonga ya chitenje changa pa madigadi, chitsulo chophimba tayala, kuti dalaivala aziikapo timasikuluwu, ndipo ndinkawerenga kalikonse ndi chala. Atanyamula chivundikiro, kambale kanali kodzaza mpaka kusefukira, fuloti ili pansi ngati mwala. Ndinamuuza kuti asolole kamsomali kopingasa, asagwetse kasingano. Anandiyang'ana, koma anachita. Fuloti ija ndinailandira n'kuipereka kwa atsibweni ndi manja awiri.

"Igwedezeni pakhutu, monga muyesera dzira losukusa."

Anaigwedeza. Inamveka khutchu khutchu, mpaka amene anali pafupi anamva.

"Imeneyi yafa," ndinatero. "Yamoyo ili pamfundo ya alamu anga."

ANambewe anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pachitenje. "Wadziwa bwanji? Mwamva, atsibweni? Wadziwa bwanji kuti ndili nako? Akufuna akameze, umboni uthe!"

"Musandipatse ine, alamu. Apatseni atsibweni."

"Masula," anatero atsibweni.

ANambewe anamasula ndi mano, chifukwa mfundoyo anali ataikoka kwambiri. Atsibweni anaika ziwirizo pachikhatho chawo, ndipo anthu anapanikizana kuti aone. Zinali mapasa, mkuwa womwewo, msoko wa mtovu womwewo pakati, kakhutu komweko kolowetsa kamsomali. Anagwedeza ya m'jekete. Inali duu, yopepuka ngati chikhokhombe cha mtedza.

"Aa, iyi ni fuloti!" anatero dalaivala, akudzimenya pachipumi. "Fuloti chabe!"

Mdzukulu wina, paja adzukulu saopa kuseka pamaliro, anati, "Ndiye galimoto iliyonse imayenda ndi nsupa m'mimba? Tsono afiti enieni ndi azungu, ife tikungovutana." Anaseka anthu atatu kapena anayi. Atsibweni anapereka fuloti yabwino kwa dalaivala, n'kundiuza ine osandiyang'ana, "Ikalira, mukwera. Ikakana, mwagwira katundu wa malemu pamaso pa anthu, ndipo nkhani yake mukuidziwa."

Potsegula paja gasiketi inali itang'ambika, kapepala kolimba kamene kamakhala pakati kuti petulo asatuluke. AMbewe ankadula yawo pa katoni ya sopo, koma padambo katoni ungaipeze kuti? Maso a anthu anapita pa buku la nyimbo limene mkulu wa mpingo anakwapatira. Mkuluyo analikumbatira kaye, kenako anapumira m'mwamba n'kung'amba chikuto cha kumbuyo. Ndinauza dalaivala kuti adinde chikutocho pakamwa pa kambale kuti mafuta ajambule mzere, adule motsata mzerewo. Anadula ndi lumo la m'chipewa chake. Anamanga zonse. Anamasulanso mapulagi n'kuwapukuta ndi malaya ake, popeza anali atanyowa ndi petulo. Nthawi yonseyo madontho akuluakulu ankagwa amodziamodzi pabokosi, pha, kenako pha. Fungo la malirowo linali litayamba kumveka, ndipo azimayi ankaphimba mphuno mobisa.

Dalaivala anagwira handulo. Anapukusa, zii. Anapukusanso, zii. Ndinamva mmodzi wa amuna aja akupumira pakhosi panga. M'mtima sindinapemphere, ndinangolankhula ndi amuna anga. Ndinati, aMbewe, ngati munabwera ndi fuloti yolakwika, mwandipha. Kachingati sindinawerenge, koma injini inagwira, inatsokomola utsi wakuda, n'kutsokomolanso, kenako utsi unayera ndipo kulira kwake kunakhazikika, kuja ndinkakumva ali kutali akubwera madzulo.

Palibe anaomba m'manja. Atsibweni anati, "Kwerani. Gwirani bokosi." Ndinakwera, n'kuika manja onse awiri pabokosi, anthu onse akuyang'ana. Tinadikira. Injini inangolirabe. Amuna anakankha, matayala anamwaza matope, n'kuoloka dambo. Kanjira ka kumalire tinakasiya kumanzere.

Kumanda tinafika dzuwa litabisika kale m'mitambo. Adzukulu a kwawoko anali atakhala pamulu wa dothi, akudandaula kuti akumba dzenje la munthu wosafuna kubwera. Mwambo unachitika mofulumira. Nyimbo ziwiri, pemphero, bokosi n'kutsika pa zingwe. Kenako atsibweni anaimirira kuti anene mawu a banja. Anathokoza mudzi wathu posunga mkamwini wawo. Anathokoza adzukulu. Anatsokomola, nati, "Mwana wathu chamutenga ndi chifuwa. Wayenda yekha kubwera kwawo, nonse mwaona. Mlandu palibe, ndipo ndisamve munthu akuutola." Amuna awiri aja sindinawaonenso. Dothi lomaliza likuponyedwa, mvula inatsika yonse nthawi imodzi, anthu n'kubalalika opanda kutsazikana.

Jipi inatibweza madzulo, tili chonyowa, osazima ngakhale kamodzi. Dalaivala anaiimika pansi pa mango n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Pabwalo panali mafuwa okhaokha ndi makala onyowa. Mphasa yotchinga ija anali ataichotsa, ndipo nyumba inaoneka yaikulu. Achemwali anga anasonkha kamoto pakati, n'kupita kukatunga madzi. Mwa mwambo, akazi a kuchimuna amagona pasiwa mpaka tsiku lometa, koma ambiri anatsalira kwawo chifukwa cha mvula. Amene anabwerera nafe anali aNambewe okha.

Anakhala tsidya lina la moto, ine tsidya lino. Mvula inali itasanduka yamawawa, ikungonong'ona paudzu. Patapita nthawi ndinamva fungo la petulo m'nyumba. Ndinakweza maso ndipo ndinaona kuti pansonga ya chitenje chawo pali mfundo ina. Anaimasula pang'onopang'ono. Inali fuloti yobooka ija, anali ataitola padambo ife tikukankha galimoto. Anaitembenuza pa kuwala kwa moto, akufunafuna kabowo ndi chikhadabo. Anaiika pakhutu n'kuigwedeza. Khutchu khutchu.

"Mwati inabooka," anatero, mawu ali ofewa ndithu.

"Inabooka, alamu."

"N'chifukwa chake achimwene anapita ku Katete, mvula n'kuwanyowetsa."

"Inde."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa. Anaimanganso pamfundo, n'kukoka ndi mano.

"Nanga anaiboola ndani?"

Anayala mphasa yawo pakhomo penipeni, pamene panalibe chitseko, n'kugona chopingasa, nkhope ataloza kwa ine.